Chenjerani ndi Dzanja Losisita

Ana anga ndi inu adzukulu, senderani kuno ndikutsineni khutu. Masiku ano makatuni muli nawo m'manja, pa foni, ndipo ambiri a inu mumawatenga ngati chotonthozera ana kuti mayi aphike. Otero alipo, sindikukana. Koma alipo ena akalekale, ojambulidwa ndi manja m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amene anapangidwa ndi anthu omwe anaona nkhondo, ndende ndi maboma otseka anthu pakamwa. Anthu amenewa anajambula mayiko a kumwamba amene kulibe, zilombo zimene diso silinaonepo, ndi mitengo yosadziwika mtundu. Koma chimene ankanena ndi cha pansi pompano: mmene munthu amapondera munthu mnzake. Ndikufuna muwaonere mafilimu amenewa, ndipo ndikufuna mudziwe kaoneredwe kake.

Woyamba kumufuna akhale René Laloux wa ku France, ndi filimu yake yotchedwa La Planète sauvage, imene kumayiko olankhula Chingerezi imadziwika kuti Fantastic Planet. Inatuluka mu 1973, ndipo chaka chomwecho inalandira mphoto yapadera pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes. Zithunzi zake anazilinganiza ndi Roland Topor, nyimbo anapeka ndi Alain Goraguer, ndipo nkhani anaitenga m'buku limene Stefan Wul anatulutsa mu 1957. Ndi ya mphindi 72 zokha, koma mukaionera simugona msanga.

Imayamba chonchi. Mayi akuthamanga, khanda lili pachifuwa, akucheukacheuka. Akwera kamtunda, chala chachikulu chabuluu chimukankha, iye n'kugubuduka mpaka pansi. Adzuka, akweranso, chala chija chimukankhanso. Kenako dzanja limutola, limukweza m'mwamba, n'kumusiya kuti agwe. Mayi uja watsirizika, khanda likulira pambali pake. Apo m'pamene timaona eni dzanja. Si asilikali, si zigawenga. Ndi ana. Ana a zimphona zotchedwa Draag, a khungu labuluu ndi maso ofiira, ankangosewera, ndipo chowadandaulitsa n'chakuti choseweretsa chawo chasiya kuyenda.

Gwirani pamenepo poyamba. Ife tikamva za kuponderezana timaganiza za munthu wa nkhope yoopsa, wodana nafe. Filimuyi ikuti ayi: kawirikawiri wokupondayo sakudana nawe n'komwe, kungoti sakukuwerengera m'gulu la anthu. A Draag ndi ophunzira kwambiri, aulemu, odekha polankhula. Ali ndi bwalo la akuluakulu lokambirana za dziko lawo la Ygam, ndipo nthawi yawo yambiri imathera posinkhasinkha za mzimu. Mukanawachezera mukanati ndi mtundu wabwino. Koma kumapazi kwawo kuli anthu onga inu ndi ine, amene iwo amawatcha ma Om, ndipo kwa iwo Om ali pawiri: woweta m'nyumba, kapena wofunika kuthira mankhwala. Maphunziro ndi mapemphero sizimuletsa munthu kuchita nkhanza ngati mumtima mwake anagamula kale kuti mnzakeyo si munthu.

Khanda lija analitola ndi Tiwa, mwana wamkazi wa Sinh, mmodzi wa akuluakulu a bwalo lija. Analitcha Terr. Tiwa ankamukonda Terr, ndipo filimuyi sibisa zimenezo. Ankamusamalira, kumuveka tizovala tokongola, kumunyamula m'dzanja kulikonse. Koma atangofika naye kunyumba, bambo ake anamuveka Terr kamphete m'khosi, n'kupatsa Tiwa chibangili cha pamkono. Terr akati apite kwake, Tiwa amangokhudza chibangili chija, ndipo kamphete kamamukoka chagada, kumukhwekhwereza pansi mpaka pamapazi a mbuyake. Tsiku lina amutumizira kamtambo kochita kupanga, kamene kamamutsata paliponse n'kumamuvumbwitsa mvula. Anzake a Tiwa akabwera ndi ma Om awo, amawamenyanitsa kuti aone wamphamvu ndani. Kwa anawo onsewa ndi masewera a masana.

Apa ndi pamene pagona mawu anga. Chikondi chimene chabwera ndi kamphete m'khosi muzichiyang'ana kawiri. Mudzakumana nalo dzanja lotere. Pali bwana amene amati "ndimakusunga ngati mwana wanga" koma malipiro osapereka, ndipo tsiku limene udzafunse ndiye wasanduka wosayamika. Pali mwamuna amene amagulira mkazi chilichonse koma n'kumuletsa kuona abale ake kapena kugwira ntchito. Pali wandale amene amagawa nsalu ndi ndalama pamsonkhano kuti mawa usamufunse za mankhwala m'chipatala. Muyeso wake ndi umodzi: kodi ndingathe kunena kuti ayi n'kukhalabe pamtendere? Ngati simungathe, chimene mwalandiracho si mphatso. Mukatha kuyeza manja a ena, yezaninso anu. Enanu kwanu kuli mtsikana amene makolo anu anakamutenga kumudzi. Amadzuka inu muli mtulo, amagona inu mutagona kale, mumamupatsa zovala zimene zakutherani, ndipo mumati mumamukonda. Inu mukamapita kusukulu, iye amapita kuti? Akale anati mwana wa mnzako ndi "samba m'manja", wako ndi "kazingodya". Mukamaonera filimuyi musathamangire kudziona ngati Terr. Nthawi zina inuyo ndinu Tiwa.

Filimu ya Laloux inajambulidwa ku Prague, m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia, mu situdiyo yodziwika ndi dzina la Jiří Trnka. Trnka ameneyu anali katswiri wa mafilimu a zidole, ndipo filimu yake yomaliza, Ruka, ya mu 1965, muifunenso. Ndi ya mphindi 18 ndipo mulibe wolankhula. Mmisiri wamng'ono ali m'chipinda chake, akuumba miphika yodzalamo duwa limene amalikonda. Dzanja lalikulu lovala golovesi loyera lilowa, litenga dongo lija n'kuliumba kukhala chifanizo cha dzanja, kusonyeza kuti chofunika kuumba n'chimenechi. Mmisiri akana, abwezera dongo kukhala mphika. Dzanja silitopa. Limutumizira telefoni, limutumizira wailesi ya kanema yoonetsa ulemerero wa manja okhaokha, linyengerera, liopseza. Pomaliza limumanga zingwe, limutsekera m'khola, n'kumamuyendetsa mikono kuti aseme chifanizo chachikulu cha dzanja. Atamaliza, limuveka mamendulo ndi nkhata ya ulemu. Mmisiri athawa, abwerera kwake, akhomera zitseko ndi mawindo. Koma m'piringupiringu wa manthawo, mphika wa duwa lake lomwe ugwa kuchokera pamwamba pa kabati n'kumumenya pamutu. Ndiye dzanja lija libwera, likonza maliro apamwamba, n'kuchitira sawatcha munthu amene lamupha ndi mantha.

Trnka ankadziwa chimene ankanena. Boma la chikomyunizimu ndi limene linkamupatsa ndalama, situdiyo ndi maulemu. Anamwalira pa 30 December 1969, anaikidwa mwaulemu wa boma, ndipo posakhalitsa filimu ija inaletsedwa m'dzikomo kwa zaka pafupifupi 20. Pakati apo dzikolo linali litaona zazikulu. Kumayambiriro kwa 1968 Alexander Dubček anayamba kumasula zingwe, manyuzipepala n'kuyamba kulemba momasuka, anthu n'kuyamba kulankhula. Usiku wa pa 20 August chaka chomwecho, akasinja a Soviet Union ndi a mayiko ena a mgwirizano wa Warsaw Pact analowa m'dzikomo n'kuzimitsa zonsezo. Ntchito ya La Planète sauvage inachedwa ndi chipwirikiti chimenechi, ndipo amisiri a ku Prague amene anajambula zimphona zoponda tianthu anali ataona akasinja m'misewu ya mzinda wawo.

N'chifukwa chiyani munthu wofuna kunena za kwawo amajambula dziko la kumwamba? Ife a msinkhu wanga yankho tili nalo. Chaka chomwecho cha 1968 kuno ku Malawi kunakhazikitsidwa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu ndi limene linkagamula choti tiwerenge, timve ndi kuonera. Alembi athu anaphunzira kulankhula mophiphiritsa. Anatenga bilimankhwe, Napolo ndi nthano za makolo n'kubisamo zimene pakamwa sipakanatha kutchula poyera. Ngakhale anatero, Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo linatuluka mu 1981, anamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Choncho musaganize kuti wolankhula m'mafanizo ndi wamantha. Akudutsitsa choonadi pamaso pa mlonda, ndipo amadziwa kuti akhoza kugwidwa. Fanizo lilinso ndi ubwino wina, silikalamba. Buku la Wul linalembedwa akasinja asanalowe mu Prague, ndiye musaimangirire filimuyi pa dziko limodzi. Wina amaonamo Czechoslovakia, wina tsankho la ku South Africa, wina ukapolo ndi utsamunda, wina mmene timachitira ndi nyama, ndipo onsewa sakuphonya.

Tibwerere ku Ygam, kwa ma Om amene alibe mbuye. Iwo amakhala m'mapaki osiyidwa ndi m'mphako za mitengo, amaba katundu wa a Draag, ndipo amaswana msanga, pakuti mlungu umodzi wa Draag ndi chaka chathunthu kwa Om. Akuluakulu a bwalo amadziwa kuti kudziko kumene ma Om anachokera kuli mabwinja osonyeza kuti kale anali ndi nzeru ndi dongosolo lawo. Amadziwa, komabe amakamba za iwo monga akambira za mafakitale, n'kuika nyengo yowathira mankhwala. Tsiku likafika, makina amamwaza timbale totulutsa utsi wakupha, ndipo tianthu timagwa m'magulumagulu, amayi ndi ana omwe. Patsogolo pa a Draag pamayenda ma Om owetedwa, omangidwa pachingwe, atavala zotchinga kumphuno, akusaka kumene abale awo abisala. Topor sanazitole m'maloto zimenezi. Anabadwira ku Paris mu 1938, makolo ake anali Ayuda ochokera ku Poland. Bambo ake anatsekeredwa mumsasa wa Pithiviers mu 1941 n'kuthawamo, ndipo banjalo linakabisala ku Savoie. Mwana amene anakula akusakidwa ndiye anadzajambula utsi umenewo.

Ana anga, kupulula anthu sikuyamba ndi chikwanje. Kumayamba ndi pakamwa, tsiku limene gulu lina lasiya kutchedwa anthu n'kuyamba kutchedwa tizilombo. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi mphemvu, ndipo mu 1994 anthu mazanamazana a zikwi anaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Mukamva pa wailesi, pamsonkhano kapena pa gulu la WhatsApp anthu a mtundu wina, a chigawo china, a chipembedzo china kapena othawa kwawo akunenedwa ngati zinyalala zofunika kusesa, musaseke nawo, ndipo musautumize uthengawo kwa ena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso musalole kukhala Om wapatsogolo uja, wosaka abale ake chifukwa cha mbale ya chakudya. Ngakhale amuveke chotchinga kumphuno, iyenso akadali pachingwe.

Nanga Terr anapulumuka bwanji? Ana a Draag saphunzira pabolodi. Amavala chipangizo kumutu, chonga mahedifoni, chimene chimathira maphunziro m'ubongo. Kamphete ka Terr kanali ndi vuto lina limene linachititsa kuti Tiwa akamaphunzira atamufumbata m'dzanja, nayenso azimva zonse. Anadziwa kuwerenga zilembo za ambuye ake, anadziwa za dziko lawo ndi za kumwamba. Tiwa atasinkhuka n'kuyamba kumuiwala, Terr anathawa. Taonani chimene anatenga. Sanatenge chakudya. Anakoka chipangizo chija, chachikulu kuposa iye mwini, n'kumachikhwekhwereza m'thengo. Mtsikana wina wa ma Om a m'tchire anamupeza atakodwa, anamuchotsa kamphete kaja, n'kupita naye kwa anthu ake okhala mumtengo waukulu. Kumeneko sanamulandire ndi manja awiri. Wamatsenga wa gululo anati nzeru za a Draag n'zoipa, ndipo Terr anachita kulimbana ndi munthu pabwalo kuti asaphedwe. Koma anthu atayamba kukhala mozungulira chipangizo chija n'kumaphunzira, tsiku lina anawerenga pakhoma chidziwitso chakuti paki yawo ithiridwa mankhwala.

Musanyoze maphunziro chifukwa choti abwera m'chinenero cha wokuponderezani. Amene satha kuwerenga chikalata cha ngongole, cha malo kapena cha ntchito amasainira tsoka lake akumwetulira. Dziwani malamulo a ntchito, dziwani zimene malamulo aakulu a dziko amanena za ufulu wanu, dziwani kuwerenga bajeti ya khonsolo yanu. Koma chachikulu koposa ndi ichi: Terr akanakhala nazo yekha nzeruzo, akanangokhala chiweto chochenjera. Zinasanduka mphamvu atazitula pakati pa anzake. Inu amene mwafika ku koleji, musabwere kumudzi kudzaonetsa Chingerezi. Khalani pamphasa ndi azakhali anu muwawerengere kalata ya kuchipatala. Phunzitsani mng'ono wanu masamu. Fotokozerani mlimi wa fodya zimene zalembedwa papepala limene akufuna kudindapo chala. Onaninso kuti ma Om anali ogawikana, a mumtengo waukulu ndi a mumphako ya chipika, akulandana katundu wakuba pamene utsi unali kubwerera onse. Anagwirizana maliro atachuluka. Inu musadikire maliro. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mathero a filimuyi muwalingalire mofatsa. Ma Om opulumuka utsi uja anathawira kumalo akale osungirako maroketi, motsogoleredwa ndi mayi wina wokalamba. Kumeneko anamanga mudzi, anaphunzira, anapanga maroketi awoawo, n'kuuluka kupita ku mwezi wa dzikolo kukafuna pokhala. Anakapezako zifanizo zikuluzikulu zopanda mitu. A Draag akamasinkhasinkha, mizimu yawo imauluka m'timipira n'kukatera pamakosi a zifanizozo, n'kumavina ndi alendo ochokera kutali, ndipo mtundu wawo umapezera moyo m'kuvina kumeneko. Ma Om anayamba kuphwanya zifanizozo, Ygam yonse n'kugwedezeka. Apo m'pamene a Draag anapempha mtendere. Sichinali chisoni chimene chinawatembenuza. Anatembenuka ataona kuti amene ankawaponda aja ali ndi mphamvu. Woponderezedwa akakhala wosagwirizana ndi wosadziwa, palibe amamuitana pabwalo. Koma taonaninso kuti ma Om, atagwira mdani pakhosi, sanamalize mtundu wake. Anavomera kukhalirana. Mukawerenga mbiri ya mayiko mudzapeza kuti ambiri amene anagwetsa wopondereza anatola kamphete kaja pansi n'kukaveka ena. Womasukadi ndi amene wakataya.

Chenjezo lina nali. Si fanizo lililonse limene lachokera kwa woponderezedwa. Filimu ya makatuni ya Animal Farm ya mu 1954, imene John Halas ndi Joy Batchelor anajambula ku Britain, inalipiridwa mwachinsinsi ndi CIA, bungwe la ukazitape la America, pa nthawi ya mkangano wake ndi Soviet Union, ndipo mathero ake anawasintha kuti asiyane ndi a m'buku la George Orwell. Sindikuti musaionere. Ndikuti chilichonse chimene mukuonera muzifunsa kuti wapanga ndani, walipira ndani, ndipo akufuna ndikwiyire yani. Safunsa anadya phula. Mukapeza mpata funaninso Le Roi et l'Oiseau ya Paul Grimault ndi Jacques Prévert, imene anaiyamba m'zaka za m'ma 1940 n'kudzatuluka yathunthu mu 1980. Muli mfumu imene imadzaza dziko ndi zifanizo za nkhope yake. Aliyense woikhumudwitsa imangodina batani n'kumugwetsera m'dzenje, pamene anthu wamba akukhala mumzinda wapansi kumene dzuwa silifika.

Ndikudziwa kuti mukayamba kuonera mudzati zikuchedwa. Zithunzi za La Planète sauvage ndi zojambula papepala, zodulidwa n'kumasunthidwa pang'onopang'ono pamaso pa kamera. Nthawi zina nkhani imaima kuti muone chilombo chili m'khola chikugwira tinyama touluka, kutigwedeza mpaka kufa, n'kutitaya pansi chikuseka, popanda chifukwa. Musadumphe pamenepo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zachilendozo zimakulawitsani mmene amamvera munthu wokhala m'dziko limene malamulo ake sanapangire iye, ndipo palibe womufotokozera. Laloux anayambira ntchito yake pa chipatala cha odwala matenda a maganizo cha La Borde, kumene mu 1960 anapanga filimu pamodzi ndi odwalawo. Anadziwa kumvetsera anthu amene ena amawayesa opanda mawu. Filimuyi si ya ana aang'ono, muli imfa ndi maliseche. Ionereni inu amene mwasinkhuka, ndipo musaonere panokha. Itanani anzanu, ikatha muike mafoni pansi n'kufunsana kuti m'dera lanu lino wovala kamphete ndani, wogwira chibangili ndani.

Ife tinakula m'nthawi imene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mtsogoleri. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota kuti zimenezo zithe, ndipo inu munabadwira m'ufulu wolankhula. Musaganize kuti dzanja lija linafa, limangosintha golovesi. Wokusisitani akafuna kukuvekani kanthu m'khosi, kanani lero lomwe, kasanalimbe. Chimene mwaphunzira kachituleni kwa anzanu, chisaolere m'mutu mwanu. Ndipo amene ali pansi pa dzanja lanu, kaya ndi wantchito, mkazi, mwana wa m'bale wanu kapena mlendo, mupatseni chimene inu mumafuna kwa akuluakulu: mpata wonena kuti ayi popanda kuopa kugona ndi njala.